Za Ulendo Wathu wa ku Mapiri a m'Mbali mwa Nyanja

Ife a ku Chimbiya tikhala pambali pa msewu waukulu wa M1, ndipo palibe tsiku lopita osaona magalimoto ochokera ku Lilongwe kunka ku Blantyre, ena odzaza anthu, ena odzaza katundu. Tiwagulitsa kachewere, matimati ndi kabichi, ndipo iwo atisiyira ndalama pang'ono, napita. Koma ngakhale tili anthu a pamsewu, ambiri a ife sitinayende kutali. Ndipo mukafunsa munthu wa kwathu kuti madzi a mvula ochoka m'munda mwake atsirizira kuti, adzayankha kuti apita kudambo, basi, nzeru zake zathera pomwepo. Chifukwa chake ndati ndikusimbireni, inu owerenga, za ulendo wa tsiku limodzi umene tinayenda pa galimoto, kuchokera kuno kumtunda kufikira ku nkhalango ya Boma ya ku Cape Maclear. Kumeneko ndinaona zokoma zambiri, ndipo ndinamvanso mawu amene akhudza munthu aliyense wogwira khasu kuno kwathu.

Mwini galimotoyo ndiye mwana wa mlongo wanga, amene agwira ntchito ku Lilongwe. Iye anafika tsiku Lachisanu madzulo, kumapeto a mwezi wa May, nati, "Atsibweni, chimanga chalowa m'nkhokwe, ntchito yachepa, mawa ndikutengeni inu ndi azakhali mukaone Nyanja, ndipo tidzagona konkuno." Ine ndinaseka, pakuti ndinakumbukira kuti makolo athu, potsika kukasinthanitsa nyemba ndi nsomba zouma, ankamanga kamba wa masiku, nagona panjira popita ndi pobwera pomwe. Koma mnyamatayo ananenetsa kuti msewu ndi wa phula, ndi kuti maora 3 kapena 4 akwanira kufika. Chotero mkazi wanga anaphika mbatata usiku womwewo, nakazinga mtedza, nathira thobwa m'chigubu. Ndipo mdzukulu wathu wamkazi, wa Sitandade 7, atamva za ulendowo anakana kukagona kwa amake, kuopa kuti tingamsiye.

Tinanyamuka 6 koloko isanakwane, kum'mawa kuli mbee, chisanu chili kuluma zala. Nkhungu inali itagona m'madambo monse ngati thonje loyanika, ndipo mitu ya mapiri yokha ndiyo inatulukira pamwamba pake. Pa mlatho wa Linthipe tinapeza madzi ochepa, oyera, ali kuyenda phee pakati pa miyala. Mkazi wanga anasuzumira pazenera, nati, "Ndani angavomere kuti uwu ndi mtsinje womwe uja wa mu January, wofiira ngati katondo?" Mawu amenewa muwasunge, abale, pakuti tidzawapezanso kutsogolo.

Dzuwa potuluka linawalira phiri la Chongoni kudzanja lathu lamanzere. M'mapanga a mapiri a kumeneko muli zithunzi zolembedwa pamiyala. Zofiira analemba Akafula, anthu osaka nyama aja amene makolo athu anawapeza m'dziko muno. Zoyera analemba Achewa eni ake pa miyambo yawo. Mdzukulu wathu anatiuza zimene anaphunzira kusukulu, kuti malo otere awerengedwa 127, ndi kuti m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linawalemba pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo aoloka nyanja zamchere kudzaona zimenezi, pamene ife okhala pakhomo pake tingopyola. Ifenso tinapyola tsiku limenelo, popeza ulendo unali wautali. Ndipo posachedwa tinali pansi pa phiri la Dedza, limene nsonga yake ili mamita 2,198 pamwamba pa nyanja yamchere. Ndinayang'ana mapiri ena ang'onoang'ono a m'njiramo, ndipo ambiri anali ometedwa mpala kufikira pamwamba, mizere ya chimanga itakwera pamalo pamene ngakhale mbuzi iyenda mochenjera, ndi zigwembe zofiira zitang'amba nthiti zake.

Kupitirira Dedza msewu uyenda pamsana pa dziko, pafupi ndi malire a Mozambique, ndipo pena uyenda m'malire mwenimweni. Anthu a tsidya ili ndi a tsidya ilo alankhula chilankhulo chimodzi, akwatirana, nagula pa msika umodzi. Angerezi ndi Apwitikizi popangana za malirewa m'chaka cha 1891 anatsata pamene madzi agawikana. Chotero mvula yogwa kumadzulo itsikira ku Angonia ndi kunka ku Zambezi, ndipo yogwa kum'mawa itsikira ku Nyanja yathu. Komatu madzi a Nyanja atuluka ndi mtsinje wa Shire, nakathira mu Zambezi momwemo. Kotero madontho awiri osiyana pamsewu umenewu akomananso kutali, monga abale olekana ubwana nakomana pa ukalamba.

Pa Masasa tinasiya msewu waukulu ndi kukhotera kumanzere, kuloza kotulukira dzuwa. Poyamba tinadutsa midzi ndi minda monga ya kwathu. Koma mwadzidzidzi dziko linatha patsogolo pathu, ndipo tinaona thambo lokhalokha. Apa ndipo payambira Khwekhwerere, ndipo dzina lake lidzinenera lokha. Msewu utsika mokhotakhota monga njoka yothawa moto, kudzanja limodzi khoma la thanthwe, kudzanja lina phompho. Mnyamata wathu analeka nthabwala, nagwira chiwongolero ndi manja awiri, naika galimoto m'giya yachiwiri kuti injini yokha iligwire liwiro. Pakuti anati woponda mabuleki kosaleka pamalo otere awatenthetsa, ndipo akatentha sagwiranso. Makutu athu anatseka ngati tamira m'madzi. Mkazi wanga anagwira mpando wa patsogolo ndi mphamvu, natseka maso pokhota paliponse. Koma mdzukulu anafuula ndi chimwemwe, nawerenga makona mpaka anasokonezeka.

Pamalo pena pamene msewu uli wotakata tinaima, ndi kutuluka. Ha! Abale, chimene ndinaona pamenepo cholembera changa chichepa nacho. Chigwa chonse chinayalika pansi pathu ngati mphasa, midzi yooneka ngati nyerere, utsi wa m'makhitchini uli kukwera chilili. Kuseri kwa chigwacho kunali mzere wautali wonyezimira ngati mpeni wonola kumene, ndiwo Nyanja. Ndi kuseri kwa Nyanjayo mapiri abuluu, omwewo tinali kunkako. Mwezi wa May ndiwo woyenera kuona zotere, pakuti mvula yatsuka mlengalenga, ndipo moto wa m'tchire sunayambe kuutsa utsi. Pambali pa msewu anyamata anali atayala zoseweretsa zosema ndi manja awo, tinjinga, timagalimoto ndi timathirakitala ta mtengo, ta mawilo ozungulira ndi zitseko zotseguka, ntchito ya luso ndithu. Mnyamata wathu anagulira mdzukulu kanjinga kamodzi.

Tili chiimire, anafika munthu wina wokankha njinga, atamangapo matumba a makala otalika kuposa iye mwini, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira. Titapatsana moni ndinamfunsa kuti, "Achimwene, mitengo yake muipeza kuti?" Iye anatsamiritsa njingayo pamwala, nati, "Bambo, ndili mwana tinkadula kuseri kwa nyumba. Lero tiyenda mtunda wautali kuti tipeze mtengo woyenera kuotcha. Ndidziwa kuti phiri lili kutha, sindine mwana. Koma ana anga sangadye phiri." Ndinasowa chomuyankha. Mnyamata wathu anayang'ana pansi, pakuti kunyumba kwake ku Lilongwe aphikira makala omwewo. Munthu uja sanali woipa. Anali atate wofunira ana ake chakudya. Tinampatsa mbatata ziwiri, ndipo anathokoza, napitirira.

Pofika pa Golomoti tinavula majuzi, pakuti tinali titatsika mamita oposa 1,000, ndipo dzuwa la kuchigwa silichita nthabwala. Tinaoloka njanje imene inafika ku Salima m'chaka cha 1935. Pafupi pomwepo pali munda wa magalasi akuda oyalidwa m'mizere, otapa magetsi ku dzuwa, umene unayamba ntchito m'chaka cha 2022. Dziko la kuno ndi lina: m'malo mwa masuku ndi mombo muli milambe, yonenepa ngati nkhokwe, ndipo ana anali kugulitsa malambe ndi bwemba m'mbale. Mitsinje yotsika kumapiri athu tinaipeza yodzala mchenga, ina yopanda ndi dontho lomwe pamwamba, akazi ali kufukula zitsime m'kati mwake. Tinadutsa chigwacho kwa nthawi, msewu uli tambalale, kufikira mapiri abuluu aja anasanduka obiriwira, natiyandikira.

Tisanafike ku Lusumbwe, kumene Azungu anatcha Monkey Bay, tinakhoteranso kumanzere, ndi kulowa msewu wa makilomita ngati 18 wopyola pakati pa mapiri. Pamenepo tonse tinakhala chete, pakuti tinali ngati talowa m'dziko la nthano za agogo. Mapiri onse anali ovala mitengo kuyambira patsinde kufikira pamwamba, yosasiya mpata. Miyala yaikulu ngati nyumba inali itasanjikana, ndipo mikuyu inamera pamwamba pake, mizu yake yoyera itakumbatira thanthwe ngati zala. Msewu unakwera, nutsika, nukhota pakati pa zigwa za mthunzi, ndipo mphepo yolowa pazenera inanunkhira masamba. Pakona pena tinapeza anyani atakhala pamsewu ngati eni mudzi pabwalo. Wamkulu wawo anatiyang'ana mosatekeseka, nadzuka pang'onopang'ono, ndipo akazi anamtsata, ana atakwera pamsana. Mdzukulu wathu anali asanaonepo nyani ndi maso, ngakhale abadwira kumapiri. Ine pa msinkhu wake ndinkapirikitsa anyani m'munda wa amayi tsiku ndi tsiku.

Panjira yomweyo pali mwala waukulu wotchedwa Mwala wa Mphini, chifukwa nkhope yake yonse ili ndi mizere yozama yopingasana, monga mphini zimene agogo athu aakazi ankatema pamasaya. Munthu poona angalumbire kuti pagwira dzanja la mmisiri. Koma odziwa za miyala ati ndi ntchito ya mvula, dzuwa ndi mphepo pa zaka zosawerengeka.

Malo amenewa dzina lake ndi Lake Malawi National Park. Boma linawapatula m'chaka cha 1980, ndipo mu 1984 analembedwa pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 94, kuphatikiza mapiri, zilumba zoposa 10, ndi madzi a m'mphepete mwake kufikira mamita 100 kuchokera pagombe. Chodabwitsa n'chakuti m'kati mwake muli midzi ya anthu, ndipo waukulu ndiwo Chembe. Pakuti anthuwo sanachotsedwe pamene malowo anapatulidwa. Tinakomana ndi amayi ali pamzere, atasenza mitolo ya nkhuni. Ndinayang'anitsitsa, ndipo zonse zinali zouma, zotola pansi. Lamulo la kumeneko lilola kutola nkhuni zouma, koma liletsa nkhwangwa pa mtengo wamoyo. Sindinena kuti onse alisunga, kapena kuti eni midziyo sadandaula nalo, pakuti nkhuni zouma zili kutali ndipo mapiri ndi otsetsereka. Koma maso anga anaona kusiyana kwa phiri limene lili ndi mwini ndi phiri limene aliyense aliyesa lake.

Titakwera chitunda chomaliza, Nyanja inatseguka patsogolo pathu, yabuluu, yosaoneka tsidya lake, zilumba za Thumbi ndi Domwe zitakhala m'madzi ngati ng'ombe zogona. Mkazi wanga anaomba m'manja, nati, "Madzi onsewa, ndipo ife tilimbirana pa mjigo!" M'mudzi wa Chembe nyumba zili zothithikana pamchenga, asodzi anali kusoka maukonde pamthunzi, ndipo usipa unali mbee pansanja zoyanikira. Tinadya nsima ya kampango pa nyumba ina yodyera, Nyanja ili kutsuka mchenga pafupi ndi mapazi athu.

Titadya tinapita kumapeto a mudzi, ndi kulipira ndalama pang'ono pachipata cha Boma. Eni dziko alipira zochepa kuposa alendo akunja. Pafupi ndi pamenepo, patsinde pa phiri, pali manda a amishoni oyamba a Livingstonia. Iwo anafika m'mwezi wa October 1875 pa sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, mtsogoleri wawo ali E. D. Young, pamodzi ndi Dr Robert Laws. Dzina la Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone, pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, wodziwa za nyenyezi wa ku Cape Town. Malowo anali okoma m'maso, koma malungo anawagwetsa mmodzimmodzi. Dr William Black anamwalira mu 1877, ndi Shadrach Ngunana, mphunzitsi wachikuda wochokera ku Lovedale ku South Africa, chaka chomwecho. Ndipo mu 1881 otsalawo anasamukira ku Bandawe, atabatiza munthu mmodzi, Albert Namalambe. Tinavula zipewa, ndi kuima kanthawi pamthunzi wa mitengo imene iwasunga.

Kuchokera pamandapo mlonda wa nkhalango, mwamuna wa imvi zoyamba kumene, anatiperekeza ku miyala ya pa Otter Point, dzina lake lochokera kwa akatumbu a m'madzimo. Anatiuza kuti tikhale pathanthwe ndi kuyang'ana m'madzi osagwedezeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyamba ndinaona miyala yokha pansi, pakuti madziwo ndi oyera ngati galasi; koma posachedwa tinsomba tinayamba kutuluka m'ming'alu, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tina takuda bii ndi zipsepse zowala, tochuluka ngati maluwa a m'dambo. Pamwamba pathu nkhwazi inalira, mutu itagadamitsa, ndipo inzake inayankha kuchilumba.

Mlondayo anati, "Izi ndizo mbuna, bambo, ndipo chifukwa cha izo Boma linapatula malo ano. Mitundu yake ndi mazanamazana, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, koma m'Nyanja muno mokha. Zambiri zidya ndere zomera pamiyala. Yaikazi isunga mazira m'kamwa mwake kufikira ataswa, ndipo ana akaona choopsa athawiranso m'kamwa momwemo. Sizikonda kuoloka madzi akuya kapena mchenga wopanda miyala. Chifukwa chake chilumba ichi chili ndi mitundu yake, ndi chilumba icho yakenso. Mukaononga miyala ya chilumba chimodzi, mwafafaniza mtundu umene sudzaonekanso."

Ndinamfunsa ngati asodzi amvutitsa. Anati alipo ena oponya maukonde usiku m'madzi oletsedwa, ndipo amenewo atha kuwagwira. "Koma pali mdani wina," anatero, "amene sindingathe kummanga ndi chingwe, kapena kupita naye kubwalo la milandu. Kodi inu kwanu n'kuti?" Nditamuuza kuti ku Chimbiya, anandiyang'ana, nati, "Ndiye kuti ndinu a ku Linthipe." Pamenepo analoza dzanja kumpoto chakumadzulo, kutsidya kwa madzi, nafotokoza kuti kumeneko, ku dera la Salima, kuli zilumba za Maleri, zimene zili mbali ya nkhalango yomweyi, ndipo zayang'anizana ndi pamene Linthipe athira m'Nyanja. Nyengo ya dzinja madzi ofiira a mtsinjewo alowa kutali m'Nyanja, ooneka ndi maso; matope ake aphimba kuwala, nakhazikika pamiyala, nakwirira ndere zimene mbuna zidya. Anatchulanso mpasa, nsomba yokoma ija imene ikwera mitsinje kukaikira mazira pa timiyala ta pansi pa madzi oyera. Matope akakwirira timiyalato mazira afa, ndipo mpasa lero yasowa m'mitsinje yambiri imene kale inadzala nayo. Potsiriza anati, "Ine ndilonda mapiri awa, bambo, koma mapiri a kwanu alonda ndani?"

Mkazi wanga anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti wakumbukira mawu ake a pa mlatho. Katondo uja wofiiritsa Linthipe mu January sachokera kumwamba. Ndiye mnofu wa minda yathu. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Ndipo khwawa lochokera kuseri kwa nkhokwe yanga, likalowa m'dambo, dambo likathira mumtsinje, litsirizira pa miyala ya tinsomba timene sitipezeka kwina konse. Taonani kutayika kwake kuli pawiri. Kuno kumtunda nthaka iwonda chaka ndi chaka, ndipo tigulitsa mbuzi kuti tigule feteleza wobwezera chimene madzi anatilanda kwaulere. Kunsi kuja nthaka yomweyo, imene ikanabala chimanga, isanduka chopha nsomba. Ndipo usipa ukakwera mtengo pa msika wa Chimbiya tidandaula, ngati kuti za ku Nyanja sizitikhudza.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka, kuti tikwere Khwekhwerere kusanade. Pokwera galimoto inalira ndithu, ndipo mphepo yozizira inatilonjera tisanafike pamwamba. Dzuwa linali kulowa ku Mozambique, lofiira psuu, pamene tinatulukira pa Masasa. M'kuwala komalizako ndinayang'ana midzi ya m'mbali mwa msewu, ndipo ndinaona chinthu chimene ndachiona moyo wanga wonse. Pafupi ndi mudzi uliwonse, pakati pa minda yoyera, pali kachitsamba ka mitengo yaitali yakuda, yosakhudzidwa ndi nkhwangwa, ndiwo manda. Palibe mlonda wa yunifolomu pamenepo, palibe waya, palibe chikwangwani. Koma ngakhale wosauka wotani sapita kukadula nkhuni kumanda, pakuti mudzi wonse unapangana kalekale kuti pamenepo ndi posakhudza. Tsono nzeru yopatula malo si yachilendo kwa ife. Makolo athu anaidziwa Boma lisanabwere. Chotsala n'chakuti chimene tichitira akufa tichitirenso amoyo ndi osabadwa.

Sindinena kuti tisandutse minda yathu nkhalango, pakuti tiyenera kudya. Koma zilipo zimene zili m'manja mwathu, zosafuna ndalama. Mizere ya pamalo otsetsereka ipingase phiri, yotsata akalozera monga alangizi a zaulimi atiphunzitsa, ndi udzu wa vetiva m'mphepete mwake kuti ugwire dothi. Polima dimba tisiye mpata pakati pa khasu ndi mtsinje, kuti bango ndi mikuyu zigwire gombe. Zitsa za mombo ndi masuku zikaphuka m'munda kapena paphiri tisazitenthe, koma tipatulire mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba. Pakuti mtengo wophuka pachitsa uli nayo kale mizu, ndipo ukula msanga kuposa wa mu chubu. Anyamata aleke kutentha phiri lonse chifukwa cha mbewa zosadzaza mbale. Amayi ayese mbaula zadothi zosatha nkhuni. Ndipo mafumu athu, pamodzi ndi anthu awo, asankhe phiri limodzi kapena kasupe mmodzi pa mudzi uliwonse, nanene poyera kuti apa ndi posakhudza monga kumanda. Mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi akasunga mitengo yekha, anzake adzamdulira usiku, koma chimene mudzi wapangana chikhala. Ndiponso tisaiwale munthu wa njinga uja wa pa Khwekhwerere. Pakuti kumletsa kokha osampezera podyera pena ndiko kumanga mpanda wopanda mizati.

Tinafika kwathu nyenyezi zitatuluka, mdzukulu ali m'tulo, kanjinga kake atakafumbata. Kwa inu amene mungathe, ndinena kuti pitani mukaone nokha. Anthu 10 kapena 15 akasonkherana atha kubwereka minibasi ya tsiku limodzi. Sankhani miyezi ya May, June kapena July, nyamukani m'mamawa, onetsetsani kuti woyendetsa ndi wodziletsa ndi kuti mabuleki ali bwino, tengani juzi la kumtunda ndi chipewa cha kuchigwa, ndipo musasiye ana, pakuti iwo sanaone dziko lino lili chivalire. Mwana amene waona phiri lovala mitengo kufikira pamwamba sadzavomera kuti phiri lometedwa ndilo chibadwa chake cha mapiri. Ndipo mvula ikadzayamba, mukadzaima pa mlatho wa Linthipe ndi kuona madzi ofiira ali kuthamanga, mudzadziwa kumene achokera, ndi kumene apita. Tsalani bwino, abale.